Kumene Nkhondo ya Chiwaya Inayambira

Lolemba, Vienna

Ndafika bwino, kungoti mawondo akudandaula. Ndege ya usiku yochokera ku Addis Ababa si ya munthu wa zaka zanga. Mwana wanga wamkazi anandichingamira atanyamula chijekete, ndipo asanandipatse ndi moni yemwe anati, "Ababa, valani kaye ichi, zolankhula pambuyo." Ndinavala osatsutsa. Mphepo ya kuno mu Okutobala, ya ku Dedza mu Juni ndi mwana.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndinagwira choko zaka 31 ndikuphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Chaka chilichonse ndinkalemba pabolodi zifukwa zomwe zinayambitsa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, ana n'kumakopera, n'kumaloweza, n'kukhoza mayeso. Malo enieniwo sindinawaonepo. Choncho mwanayu atandifunsa kuti pa tchuthi chake tipite kuti, akuganiza kuti nditchula Paris, ndinati ndikufuna kukaona galimoto imodzi muno mu Vienna ndi ngodya imodzi ya msewu ku Sarajevo, pomwe Franz Ferdinand, amene ankayembekezeka kulowa ufumu wa Austria, anawomberedwa pamodzi ndi mkazi wake Sophie ali m'galimotoyo mu 1914, nkhondoyo n'kuyambika. Anaseka, kenako anandiwongolera: dzinalo amatchula "Sarayevo". Ine zaka zonsezo ndinkatchula ndi "je" wa jekete, ndipo alipo maloya ndi anamwino ambirimbiri m'Malawi amene akutchulabe choncho chifukwa cha ine. Mundikhululukire.

Madzulo tinagula buledi, ndipo pa chenji panali kakobidi ka ma euro awiri kokhala ndi nkhope ya mayi. Ameneyo ndi Bertha von Suttner, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya mtendere, mu 1905. Moyo wake wonse ankachenjeza mafumu a ku Ulaya kuti zida zimene akuunjikazo tsiku lina zidzafuna ntchito. Anamwalira mumzinda uno pa 21 Juni 1914, kutatsala sabata imodzi yokha kuti mfuti ilire ku Sarajevo. Kakobidiko ndakasunga m'thumba la malaya, sindigulira kanthu.

Lachiwiri, Vienna

Lero ndaiona galimoto ija. Ili mu myuziyamu ya mbiri ya asilikali, m'chinyumba cha njerwa zofiira chomwe amachitcha Arsenal. Dzina lake lachijeremani ndi Heeresgeschichtliches Museum, ndipo sindinayese n'komwe kulitchula.

Ndi Gräf & Stift yakuda, yopanda denga, yaitali ngati bokosi la maliro. Kumbuyo, m'mbali mwake, muli kabowo kamene chipolopolo chinalowera chisanakamupeze Sophie m'mimba. Kabowo kakang'ono, koti chala chimodzi n'kutseka. Pafupi pomwepo, m'galasi, muli yunifolomu ya Franz Ferdinand, ya mtundu wa mtambo, yong'ambika pomwe anaidula pofuna kuona bala, magazi ake atasanduka ofiirira ngati dzimbiri. Palinso kabedi kamene anamwalirirapo. Ndinaima nthawi yaitali moti mwana wanga anakakhala pabenchi n'kuyamba kuseweretsa foni.

Nambala ya galimotoyo ndi A III 118. Alendo amakonda kuiwerenga ngati 11-11-18, tsiku limene nkhondo inatha, ndipo bambo wina wachizungu pambali panga ankafotokozera mkazi wake zimenezi ngati ulosi. Ine za nambala sizinandikhudze. Chinandigwira mtima ndi mpando wakumbuyo, chifukwa Sophie sankayenera kukhala pamenepo. Iye anali wa banja lolemekezeka la a Chotek a ku Bohemia, koma osati wa magazi achifumu, ndipo mfumu ya Austria, Franz Joseph, inakana ukwatiwo kwa nthawi yaitali. Inadzalola pokhapokha Franz Ferdinand atalumbira kuti mkaziyo sadzakhala mfumukazi ndipo ana awo sadzalowa ufumu. Lumbirolo analichita pa 28 Juni 1900. Kuyambira pamenepo muno mu Vienna Sophie sankaloledwa kukwera ngolo yachifumu pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo pa maphwando ankalowa m'mbuyo mwa tiatsikana tachifumu. Ku Bosnia mwamunayo anapita ngati mkulu woyendera asilikali, choncho mwambo wa kunyumba yachifumu sunagwire ntchito, ndipo anatha kumukhazika mkazi wake pambali pake anthu onse akuona. Linali pa 28 Juni 1914, zaka 14 zenizeni chilumbirireni. Akanakhala kuti apongozi anamulandira bwino mayiyu, mwina ulendowo sakanauumirira. Nkhani za mtengwa wosalandiridwa timazidziwa kwathu, koma sindinaganizepo kuti zili m'kati mwa silabasi imene ndinkaphunzitsa.

Ngakhale pa maliro anawasiyanitsa. Poti Sophie sakanaikidwa m'manda achifumu a muno mumzinda, awiriwa anagona ku Artstetten, kunyumba kwawo kumudzi, kumene mwamunayo anali atakonzeratu manda.

M'zipinda zotsatira muli mizinga, zipewa zachitsulo zobooka ndi mfuti zachiwaya. Ndinamuuza mwana wanga kuti agogo anga nkhondo imeneyi sankaitchula dzina lina koma "ya Chiwaya", chifukwa mfutizo zinkathetheka ngati chimanga chokazinga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo anu analiko?" Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinauza ana a eni zambiri za Bismarck wa ku Germany, wanga yemwe osamuuza za agogo ake. Ndamulonjeza kuti ndimufotokozera tikafika ku Sarajevo.

Lachitatu, Vienna

Tsiku la nyumba zachifumu. Schönbrunn ili ndi zipinda zoposa 1,400, ndipo mwini wake Franz Joseph ankagona pa kabedi kachitsulo ngati msilikali wamba n'kumadzuka mbandakucha kukakhala pa desiki. Mu Juni 1914 anali ndi zaka 83, ali pampando kuyambira 1848. Mng'ono wake Maximilian anawomberedwa ku Mexico mu 1867, mwana wake yekhayo wamwamuna Rudolf anafa ku Mayerling mu 1889, mkazi wake Elisabeth anabayidwa ku Geneva mu 1898. Munthu woti maliro amawadziwa choncho, ndi yemweyo anasaina chikalata cha nkhondo.

Masana tinamwa khofi wodula ku Café Central, kumene Leon Trotsky, woukira boma wa ku Russia, ankakonda kusewera tchesi asanathawire ku Switzerland nkhondo itayamba. Mu 1913 mzinda womwewu unasungako Stalin kwa masabata angapo, Hitler ali mnyamata wogulitsa zithunzi zojambula pamanja wogona ku hositelo ya amuna osauka, ndi Sigmund Freud akuona odwala ake ku Berggasse 19. Palibe wapolisi amene akanaloza awiri oyambawo kuti awa ndi oopsa.

Ndili pa khofiyo ndinayamba kuwerengera mwana wanga anthu a chaka chimenecho, monga ndinkachitira m'kalasi. George V wa ku Britain ndi Kaiser Wilhelm II wa ku Germany onse anali adzukulu a Mfumukazi Victoria. George yemweyo ndi Nicholas II wa ku Russia amayi awo anali pachibale, m'mimba imodzi, ndipo awiriwo ankafanana nkhope ngati mapasa. Kwathu mkangano wa anthu otere umathera pa bwalo la ankhoswe. Jean Jaurès, amene ankalimbikitsa antchito a ku France ndi Germany kuti akane kumenyana, anawomberedwa akudya mu lesitilanti ku Paris pa 31 Julayi. Gandhi anachoka ku South Africa mu Julayi atakhalako zaka zoposa 20, n'kufika ku London nkhondo itangoyamba. Mu London momwemo munali Sol Plaatje, amene anapita ndi John Dube ndi anzawo kukadandaula za lamulo la malo la ku South Africa la 1913 lolanda anthu akuda nthaka. Nkhondo itabwera, madandaulo awo anaikidwa pansi pa tebulo. Ngalande ya Panama inatsegulidwa pa 15 Ogasiti, koma anthu maso anali kale ku Belgium.

Mwana wanga anati, "Ababa, khofi wazizira." Analidi atazizira.

Lachinayi, m'basi

Tanyamuka madzulo pa basi yopita ku Sarajevo, ulendo wa usiku wonse. Anthu ambiri m'basimu ndi a ku Bosnia ogwira ntchito ku Austria, ndi zikwama zodzaza mphatso, ndipo ndinangoona ngati ndakwera basi ya ku Joni yopita kumudzi pa Khirisimasi. Pa malire, pa mtsinje wa Sava, anatitsitsa tonse pakati pa usiku. Mapasipoti a ena ankangowayang'ana kamodzi, athu awiri anawatembenuza tsamba ndi tsamba, basi yonse ikudikira ife. Mayi wina wachikulire anandipatsa apozi osanena kanthu. Ndalemba izi foni ili pa bondo, zolakwika mukonze nokha.

Lachisanu, Sarajevo

Mzindawu uli m'chigwa, mapiri mbali zonse, nyumba zikukwera m'zitunda ngati ku Ndirande. M'mawa kunamveka azana kuchokera m'mizikiti ingapo nthawi imodzi, kenako mabelu a tchalitchi. Titagona pang'ono tinapita kumtsinje.

Miljacka ndi kamtsinje kosaya, kotsekeredwa ndi makoma a miyala. Mudi akadzaza amauposa. Msewu umene galimoto zinadutsa uli m'mphepete mwake, ndipo tinauyenda wapansi monga anayendera iwo. Pafupi ndi mlatho wa Ćumurija ndi pomwe Nedeljko Čabrinović, mnyamata wa zaka 19 wogwira ntchito yosindikiza mabuku, anaponya bomba cha m'ma 10 koloko m'mawa. Bombalo linagunda kumbuyo kwa galimoto ya Franz Ferdinand, n'kugwera pansi, n'kuphulikira galimoto yotsatira. Mnyamatayo anameza poizoni n'kudumphira mumtsinje kuti afe. Poizoniyo anangomusanzitsa, ndipo madziwo sanafike ndi m'mawondo momwe. Nditasuzumira pamwamba pa khomalo ndinaseka ndekha, kenako ndinachita manyazi.

Apa m'pamene nkhani ikanathera. Alendowo anafika ku holo ya mzinda, Vijećnica, meya n'kuyamba kuwerenga mawu owalandira amene anali atalemberatu, onena za chimwemwe cha anthu a mu Sarajevo. Franz Ferdinand anamudula mawu mokalipa kuti wabwera kudzacheza koma akumulandira ndi mabomba. Kenako anaganiza zokaona ovulala kuchipatala. Akuluakulu anagwirizana kusintha njira kuti angotsata mtsinje osalowa m'timisewu ta m'kati, koma madalaivala sanauzidwe. Atafika pa Latin Bridge, Leopold Lojka anakhotera kumanja monga mwa dongosolo lakale. Bwanamkubwa Oskar Potiorek anakuwa kuti walakwitsa njira. Lojka anaponda buleki kuti abwerere m'mbuyo, ndipo galimoto inaima kutsogolo kwa sitolo ya Moritz Schiller, pomwe panaima Gavrilo Princip, mnyamata wachiserbia wa ku Bosnia, ndi mfuti ya m'manja ya Browning. Anawombera kawiri. Count Harrach, mwini galimotoyo, amene anaima pa chopondera cha mbali inayo kuti atchinjirize mlendo wake, anadzanena kuti anamva Franz Ferdinand akuchonderera mkazi wake kuti asafe, akhale moyo chifukwa cha ana. Ana anali atatu.

Ngodyayo ndi yaing'ono zedi. Sitolo ija tsopano ndi kamyuziyamu ka chipinda chimodzi, ndipo pakhoma pali mwala wolembedwa zimene zinachitika, mopanda kuyamikira kapena kudzudzula. Anthu ankangodutsa ndi majumbo a zogula, thiramu ikulira m'mbali mwa mtsinje. Ndinaima pomwe ndikuganiza kuti Princip anaima, n'kutambasula dzanja. Mwana wanga anati, "Ababa, tsitsani mkono, anthu akutiyang'ana."

Madzulo, tikudya ćevapi ku Baščaršija, tinyama tokazinga m'kati mwa buledi ndi anyezi wambiri, ndinatenga kapepala n'kuyamba kuwerengera masiku. Austria, poloza Serbia chala pa imfayi, inaipatsa maola 48 pa 23 Julayi kuti ivomere zofuna zake, n'kulengeza nkhondo pa 28. Germany inalengeza pa Russia pa 1 Ogasiti, pa France pa 3, n'kulowa mu Belgium pa 4, ndipo tsiku lomwelo Britain inalowa. Masiku 37 kuchokera pa ngodya ija. Britain italowa, ife tinali titalowa kale osafunsidwa. Pa 13 Ogasiti, tsiku la 46, pa nyanja ya Malawi, sitima ya Britain ya Gwendolen motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiwombera. Amati kaputeni wachijeremani Berndt, amene ankamwera limodzi ndi Rhoades, anapalasa bwato kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, chifukwa uthenga wa nkhondo unali usanamupeze. Mfuti ya Gwendolen ija ndi imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi, imene ana amakwerapo pojambulitsa. Pa 9 Seputembala, tsiku la 73, anthu anaphana ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufawo, mbali zonse ziwiri, anali asilikali akuda.

Loweruka, Sarajevo

Funso limene ndinkapatsa ana a Fomu 3 kuti akambirane linali lakuti Princip anali ngwazi kapena chigawenga. Kuno si funso la mayeso. Nthawi ya Yugoslavia mlatho uja unkatchedwa dzina lake, ndipo pa ngodya paja panali mapazi ake oumbidwa mu simenti. Nkhondo ya 1992 itabuka mapaziwo anachotsedwa, mlatho n'kubwerera ku dzina lakale. Koma mu 2014 Aserbia a ku East Sarajevo, mtunda woti thiramu ndi basi n'kufika, anamuimikira chipilala. Mzinda umodzi, mayankho awiri.

Tinakwera ku Koševo kukaona kachalichi kamene mafupa ake ndi a anzake anaikidwamo. Kanamangidwa mu 1939, chaka chimene nkhondo yachiwiri inayamba. Princip sananyongedwe chifukwa lamulo la Austria silinkalola kunyonga munthu wosakwana zaka 20, ndipo iye kunali kutatsala mwezi wosakwana. Anamupatsa zaka 20, n'kumutsekera ku Terezín, kumene TB inamudya mafupa mpaka anamudula mkono. Anafa pa 28 Epulo 1918, nkhondo isanathe. Anali mwana wa mlimi wosauka wa m'mudzi wa Obljaj, m'dziko limene Austria inalilanda mu 1878 n'kulimeza kotheratu mu 1908, kumene alimi ambiri ankalimabe minda ya eni n'kumapereka gawo la zokolola. Mawu oti thangata sakuwadziwa kuno, koma chinthucho akuchidziwa.

Pamandapo maganizo anga anapita ku Mbombwe. John Chilembwe anaona zimene zinachitika ku Karonga, ndipo mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti pa nthawi ya mtendere zonse ndi za azungu, koma ikafika nkhondo munthu wakuda ndiye akufunika kukakhetsa magazi. Apite okha olemera, eni masitolo ndi eni minda, m'malo motenga amphawi amene adzangosiya akazi amasiye ndi ana pa mlandu umene si wawo. Boma linaletsa kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale anali ataphedwa. Ife tinamuika pa ndalama ndi kumupatsa tsiku la tchuthi. Sindikunena kuti iye ndi Princip ndi amodzi. Chilembwe anali m'busa wa zaka zoposa 40 amene anayamba ndi sukulu, tchalitchi ndi makalata, n'kugwira chida njira zina zitatsekeka. Princip anali mwana wasukulu amene mfuti anaipatsidwa ndi akuluakulu a gulu lachinsinsi la Black Hand ku Serbia, anthu amene iwo eni sanaime pamsewu tsikulo. Koma ndikanakhala ndikuphunzitsabe, awiriwa ndikanawaika m'phunziro limodzi, osati wina mu teremu yoyamba wina yachitatu ngati kuti anakhala m'maiko osakhudzana.

Pobwerera tinadutsa manda ena, oyera mbuu, odzaza phiri lonse. Zaka zolembedwapo ndi 1992, 1993, 1994. Mzindawu unazingidwa masiku 1,425, ndipo anthu oposa 11,000 anafa. M'misewu muli mabowo a mabomba amene anawathira utoto wofiira. Vijećnica ija, imene inadzakhala laibulale ya dziko, inawotchedwa mu Ogasiti 1992 ndi mabuku ake, n'kutsegulidwanso mu 2014. Bambo wa nyumba imene tikugona, munthu wa msinkhu wanga, nditamuuza kuti ndabwera chifukwa cha 1914 anangogwedeza mutu n'kunena kudzera mwa mwana wanga kuti imeneyo ndi nkhondo ya alendo, yawo ndi inayi. Sindinamufunse zambiri. Anatiphikira khofi m'kamphika kamkuwa kotchedwa džezva, n'kutiphunzitsa kuluma shuga kaye kenako n'kumwa.

Lamulungu, Ilidža

Takwera thiramu nambala 3 mpaka kumapeto, ku Ilidža, kumene Franz Ferdinand ndi Sophie anagona usiku wawo womaliza ku Hotel Bosna. Kuli msewu wautali wa mitengo ikuluikulu wopita ku akasupe a mtsinje wa Bosna. Tinayenda pang'onopang'ono, ndipo ndinakwaniritsa lonjezo lija.

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anagwidwa ali mnyamata wongokwatira kumene. Amesenjala a boma anafika kwa mfumu usiku ndi chiwerengero cha amuna ofunika, ndipo amene anathawira kuphiri anawagwirira akazi awo mpaka atabwera. Sanapatsidwe mfuti. Anali mtengatenga, mmodzi mwa amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland amene anasenza nkhondo imeneyo pamutu: ufa, zipolopolo, mabokosi a azungu, kuchoka kunyanja kukwera mapiri a kumpoto kulowa m'dziko la Ajeremani, kuthamangitsa mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, amene sanagwidwe mpaka anakadzipereka yekha ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, ku Ulaya atasiya kale kumenyana masabata awiri. Ndili mwana ndinkawaona pakati pa mutu pawo popanda tsitsi, pouma ngati chikopa, ndipo ankati ndi katundu wa Chiwaya. Ankanena za njala, kamwazi, chikoti, ndi anzawo amene ankangowasiya m'mbali mwa njira akadali kupuma. Mjeremani ndi maso awo anamuona kamodzi kokha, ali mkaidi. Nditawafunsa tsiku lina kuti nkhondoyo inali ya chiyani, anati anamva kuti kwa azungu kunafa mwana wa mfumu, ndipo anadabwa kuti maliro ake anafika mpaka kwathu.

Mwana wanga anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati dzina lawo lili pa chipilala cha asilikali ku Zomba. Ndinati ayi, pamenepo ndi pa asilikali a KAR amene anafa, iwo anali onyamula katundu ndipo anabwerako amoyo. Anafunsanso dzina lawo lenileni, la kubadwa, osati la ubatizo. Ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti ndikudziwa dzina la dalaivala wa galimoto ija, la mwini sitolo ya pangodya, ngakhale nambala ya galimoto, koma limenelo landithawa.

Tinakhala pabenchi pafupi ndi madzi n'kuimbira achemwali anga aakulu ku Chingale pa WhatsApp. Foni inalira nthawi yaitali, ndipo atayankha ndinamva nkhuku ndi wailesi kumbuyo. Anayamba ndi kundikalipira kuti chifikireni sindinaimbe, kenako anafunsa ngati kuno kuli nsima. Nditawafunsa za dzinalo anati, "Iwe, waiwala? Ndi lomwe anakupatsa iwe, lija unalikana utapita kusekondale." Mwana wanga analilemba mu foni yake, n'kuwapempha azakhali akewo kuti alitchulenso kachiwiri pang'onopang'ono.

Basi yobwerera ku Vienna inyamuka mawa madzulo. M'mawa ndikufuna kukagula džezva imodzi ya mayi a kunyumba, ngati mtengo wake tigwirizane.